Kupenta Chithunzi cha Wachibale ndi Penti wa Mafuta kapena Acrylic: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza kwa anthu ofuna kupenta nkhope ya amayi awo, mwana, agogo kapena mnzawo wa m'banja. Tayamba ndi osavuta. Ngati nkhani ina yayankhidwa kale pa funso lina, tangokulozerani komweko.

Sindinapentepo nkhope ya munthu. Kodi ndi nzeru kuyambira pa wachibale?

Ndi nzeru ndithu. Wachibale amapezeka, amaleza nanu mtima, ndipo salipiritsa. Akatswiri akale ankachita zomwezo. Jan van Eyck anapenta mkazi wake Margaret mu 1439, Rembrandt anapenta kangapo mkazi wake Saskia ndi mwana wake Titus, ndipo chithunzi chodziwika kwambiri cha James Whistler, cha mu 1871, ndi cha amayi ake atakhala pampando chammbali. Paul Cézanne anapenta mkazi wake Hortense pafupifupi maulendo 30.

Koma dziwiranitu kuti nkhope imene mwaizolowera ndi imene imavuta kuiona. Dzanja limathamangira kujambula amayi amene ali m'mutu mwanu, osati amene akhala pampandowo. Pafupifupi mavuto onse a pa tsamba lino amachokera pamenepa. Musanagwire chinsalu chenicheni, yesani mitu iwiri kapena itatu papepala lokhuthala ndi mtundu umodzi wokha.

Penti wa mafuta ndi wa acrylic amasiyana bwanji? Ndisankhe uti?

Kusiyana kwakukulu ndi kaumidwe. Penti wa mafuta ndi utoto wosakanizidwa ndi mafuta, kawirikawiri a linseed. Sauma ngati chovala padzuwa ayi. Mafutawo amayamwa mpweya pang'onopang'ono n'kulimba. Pamatenga masiku awiri mpaka milungu iwiri kuti mumukhudze osathimbirira. Acrylic, amene anayamba kufala m'zaka za m'ma 1950, ndi utoto wa m'madzi osakanizidwa ndi tizidutswa ta pulasitiki. Madzi akangouluka, watha: mphindi 10 mpaka 30 ngati mwapaka mopyapyala.

Pa nkhope ya munthu, kuchedwa kwa mafuta ndi mwayi. Tsaya lilibe mzere wolekanitsa kuwala ndi mthunzi, zimangolowererana, ndipo penti wosauma msanga amakulolani kufewetsa malirewo mpaka mutakhutira. Mtundu umene mwasakaniza ndi womwewo umene udzatsale. Acrylic amadako pang'ono akauma, choncho khungu limene linkaoneka bwino lili lonyowa mawa mungalipeze lasintha.

Acrylic naye ali ndi zake: sanunkha kwambiri, burashi imatsukidwa ndi madzi, ndipo mukalakwitsa mumadikira pang'ono n'kupentanso pamwamba. Ngati mumapentera m'chipinda chogona kapena m'nyumba ya ana aang'ono, tengani acrylic. Ngati muli ndi malo opita mphepo komanso posunga chithunzi chonyowa kwa masiku angapo, ine ndingakulangizeni mafuta.

Ndingagwiritse ntchito onse awiri pa chithunzi chimodzi?

Inde, bola acrylic akhale pansi, mafuta pamwamba. Ambiri amayala mitundu yoyambira ndi acrylic wopyapyala chifukwa amauma msanga, kenako n'kumaliza ndi mafuta. Mukatembenuza, acrylic sagwira bwino pa mafuta ndipo patapita nthawi amamatuka. Musawasakanize pamodzi ali onyowa.

Ndigule zipangizo ziti?

Zochepa kuposa mmene mukuganizira. Anders Zorn, katswiri wa ku Sweden amene anamwalira mu 1920, amakumbukiridwa chifukwa cha nkhope zopentedwa ndi mitundu inayi: woyera, wachikasu wa yellow ochre, wofiira wa vermilion ndi wakuda wa ivory black. Masiku ano ambiri amaika cadmium red m'malo mwa vermilion. Pa inayiyo onjezani burnt sienna (wofiirira), burnt umber (woderako) ndi ultramarine blue (wabuluu), ndipo mutha kupenta khungu la mtundu uliwonse. Chubu cha titanium white chikhale chachikulu, chifukwa woyera ndi amene amatha msanga.

Maburashi anayi kapena asanu akwana: awiri aakulu, awiri apakati, ndi kamodzi kakang'ono kosongoka. Kakang'onoko kabiseni mpaka tsiku lomaliza. Mufunikanso kampeni kosakanizira penti, thabwa kapena galasi losakanizirapo, nsanza, ndi kalilole.

Ndipente pa chiyani, ndipo kukula kwake kukhale kotani?

Chinsalu chokokedwa pa felemu, bolodi lokutidwa ndi chinsalu, kapena thabwa losalala, zonsezi zimagwira ntchito. Chofunika n'chakuti pakhale popakidwa gesso, penti woyera woyambira. Zinsalu zambiri zogula zimabwera zopakapaka. Ngati mukukonza nokha, pakani kawiri kapena katatu, chifukwa mafuta akalowa mu ulusi wosatetezedwa amauwoletsa pakapita zaka.

Pa mutu ndi mapewa, chinsalu cha masentimita 30 kwa 40, kapena 40 kwa 50, n'chokwanira. Mutu ukhale wocheperako pang'ono kuposa wa munthu weniweniyo. Ukaposa, nkhope imaopsa. Ukachepa kwambiri, kulakwitsa kwa milimita imodzi kumasintha munthu yense. Musanayambe, pakani chinsalu chonse mtundu wotuwa kapena wofiirira wopyapyala. Pa chinsalu choyera mbee, mtundu uliwonse umaoneka wakuda kuposa mmene ulili, ndipo mumayamba kuyeretsa khungu mosayenera.

Munthuyo azikhala patsogolo panga, kapena ndigwiritse ntchito chithunzi cha kamera?

Ngati n'kotheka, zonse ziwiri. Maso anu amaona mitundu ya mumthunzi imene kamera imangoisandutsa yakuda. Komanso munthu akakhala nthawi yaitali amaiwala zodzikonza, nkhope yake ya masiku onse n'kubwerera, ndipo nkhope imeneyo ndi imene a pabanja amaidziwa. Lucian Freud, katswiri wa ku Britain, anapenta amayi ake mobwerezabwereza kwa zaka zambiri bambo ake atamwalira mu 1970, atakhala nawo m'chipinda chimodzi.

Koma wachibale si katswiri wokhala phee. Mukhazikeni pampando wotsamira, azipuma pakatha mphindi 20 kapena 25, ndipo ikani zizindikiro pansi pamene pali miyendo ya mpando kuti mawa mudzabwerere pomwepo. Mupatseni chinthu choti aziyang'ana, ndipo msiyeni azilankhula kupatula pamene mukupenta pakamwa. Njira imene imathandiza ambiri ndi iyi: akhale kamodzi kapena kawiri kuti muone mitundu, kenako mupitirize ndi chithunzi cha kamera chimene mwamujambula pamalo omwewo ndi kuwala komweko.

Chithunzi cha kamera choyenera kupentera n'chotani?

Chokhala ndi mthunzi. Kuwala kuchokere mbali imodzi, monga pazenera, kuti mbali ina ya nkhope iwale ina ide. Zimitsani fulashi, chifukwa imafafaniza mithunzi yonse nkhope n'kukhala ngati mbale. Dzuwa la masana nalo limakumba maenje akuda m'maso.

Musamujambule muli pafupi. Kamera ya foni ikayandikira, mphuno imakula, makutu n'kuthawira kumbuyo, ndipo mukakopera zimenezo mudzadabwa kuti mwayeza bwino koma munthu si yemweyo. Imani mamita awiri kapena atatu, kamera ilingane ndi maso ake. Tsekani zonse zosalaza khungu. Nkhope ikapendekera pang'ono kumbali imaoneka yamoyo kuposa yoyang'ana kutsogolo ngati ya pa chiphaso. Jambulani zambiri, ndipo chimene mwasankhacho mukhale nachonso chopanda mitundu, choyera ndi chakuda chokha. Muona ntchito yake pa funso la khungu.

Amene ndikufuna kupenta anamwalira, ndipo ndili ndi chithunzi chimodzi chokha chakale, chosaoneka bwino. N'zotheka?

N'zotheka, ndipo kusaoneka bwinoko si vuto lalikulu monga mmene anthu amaganizira. Munthu timamuzindikira ali patali, tisanaone nsidze zake, chifukwa cha kaumbidwe ka mutu ndi pamene pagwera mithunzi. Chithunzi chakale chimasunga zimenezo. Chikopereni pa kompyuta kapena pa foni n'kuchikulitsa, choyambiriracho musunge kutali ndi penti.

Pamene chithunzi sichikuonetsa kanthu, musapeke. Siyani malowo ofewa, olowa mumthunzi. Ngati mukufuna mtundu wa khungu kapena kaumbidwe ka khutu, yang'anani kwa mwana wake kapena m'bale wake wofanana naye, koma mosamala, kuti musathere kupenta wamoyoyo. Funsani achibale za tizinthu timene kamera siinagwire: ankapendeketsa mutu? Diso lina linali lotsinzinirako? Ntchito imeneyi imautsa chisoni, ndipo ena amafunika kuisiya masiku angapo. Penti sathawa.

Ndiyambire pati pa nkhope?

Osati pa maso. Yambani ndi mutu wonse ngati chinthu chimodzi: kutalika kwake poyerekeza ndi m'lifupi, kupendekeka kwake, ndi mmene khosi lalowera m'mapewa. Lembani ndi makala kapena ndi burnt umber wosungunula kwambiri.

Pali miyezo yothandiza poyambira. Mwa munthu wamkulu, maso amakhala pakati penipeni pa mutu, kuchokera pamwamba mpaka kuchibwano. Ongoyamba amawakweza kwambiri n'kudya chipumi. Pakati pa maso awiri pamakwana diso lina limodzi. Kuchokera pamene payambira tsitsi kufika pa nsidze, pa nsidze kufika pansi pa mphuno, ndi pansi pa mphuno kufika kuchibwano, mipata itatuyi imakhala pafupifupi yofanana. Makutu amayambira pa nsidze kulekeza pansi pa mphuno. Komabe miyezo imeneyi ndi ya munthu wongoyerekeza. Achimwene anu amadziwika chifukwa cha pamene asiyana nayo, choncho igwiritseni ntchito pofufuza kusiyanako.

Kulemba mabokosi pa chithunzi cha kamera ndi pa chinsalu kuti mukopere molondola si kubera. Albrecht Dürer, katswiri wa ku Germany, anajambula kale zipangizo zothandiza kuyeza motero m'zaka za m'ma 1500. Mukamaliza kulemba, gawani nkhope pawiri, mbali yowala ndi mbali yamthunzi, ndipo dzazani mthunzi wonse ndi mtundu umodzi. Bwererani m'mbuyo mamita atatu. Ngati pa siteji imeneyi munthuyo sakuyamba kudziwika, konzani pompo. Nsidze zokongola sizidzapulumutsa mutu wolakwika.

Mtundu wa khungu ndimausakaniza bwanji?

Palibe chubu cha mtundu wa khungu, ngakhale chitalembedwa choncho. Nkhope imodzi ili ndi mitundu yambiri: masaya, mphuno ndi makutu zimafiirirako, chipumi chimapita ku chikasu, ndipo chibwano cha mwamuna wometa ndevu chimatuwira ku buluu.

Pa khungu lakuda kapena loderako, yambani ndi burnt sienna ndi burnt umber. Kumbali yowala onjezani yellow ochre ndi kachidutswa ka cadmium red. Mumthunzi onjezani ultramarine, osati wakuda yekha. Cholakwika chofala kwambiri ndi kuwalitsa khungu lotere ndi woyera wokha: limatuwa ngati lapakidwa phulusa. Woyera musungire malo onyezimira, pachipumi, pamphuno ndi pamwamba pa tsaya, ndipo yang'anitsitsani malowo, chifukwa khungu lakuda limabweza mtundu wa zimene zalizungulira. Pafupi ndi zenera kunyezimirako kumakhala kwabuluu kapena kwapepo. Pa khungu loyera, yambani ndi woyera, yellow ochre ndi wofiira pang'ono, ndipo muziziritse ndi kadontho ka wakuda kapena buluu kuti lisakhale ngati la chidole.

Chofunika kuposa mtundu ndi kuwala kapena kuda kwa malo aliwonse poyerekeza ndi oyandikana nawo. Amy Sherald, amene anapenta Michelle Obama pa chithunzi chimene chinaonetsedwa mu 2018, amapenta khungu ndi mitundu yotuwa basi, koma nkhope zake zimaoneka za anthu enieni. Jambulani ntchito yanu ndi foni, muchotse mitundu, muiike pambali pa chithunzi choyera ndi chakuda chija. Pamene zasiyana ndi pamene pali vuto. Sakanizanitu milu isanu ya penti, kuchokera wowala kwambiri mpaka wakuda kwambiri, musanayambe kupaka.

Zonse ndayeza, koma sichikufanana naye. Chalakwika n'chiyani?

Ili ndiye funso limene limabwera kuposa onse. Kawirikawiri cholakwikacho n'chaching'ono ndipo chili kutali ndi pamene mukuyang'ana. Mumalimbana ndi maso, pamene vuto ndi nsagwada imene mwaitalikitsa, kapena mpata wa pakati pa mphuno ndi mlomo wapamwamba. Ngodya za pakamwa ndi zina: zikasuntha pang'ono chabe, munthu wofatsa amasanduka wonyoza.

Maso anu atopa nacho chithunzicho ndipo ayamba kukhululuka zolakwa. Muyenera kuwapusitsa kuti achione ngati chachilendo. Chiyang'aneni pa kalilole: diso lokwera kapena mphuno yokhota zimaonekera nthawi yomweyo. Tembenuzani chinsalu ndi chithunzi cha kamera, zonse mutu pansi, n'kuyerekeza. Mukatero simukuonanso amayi anu koma zigamba za kuwala ndi mdima, ndipo zigamba zimayezeka. Tsinzinani pang'ono kuti tinthu ting'onoting'ono tisowe. Yang'ananinso mipata yopanda kanthu, monga ya pakati pa chibwano ndi phewa. Zikakanikabe, chitembenuzireni kukhoma masiku atatu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukapeza cholakwikacho, musaope kufufuta. Pa mafuta, palani ndi kampeni kaja n'kupukuta. Pa acrylic, pentani pamwamba. Chimene chimapweteka n'chakuti nthawi zina diso limene lapentedwa bwino kwambiri ndi limene lili pamalo olakwika, ndipo liyenera kuchoka.

Maso, mano ndi tsitsi zikuoneka ngati zomata. Nditani?

Choyera cha diso si choyera. Diso ndi mpira umene uli mumthunzi wa chikope, choncho lipenteni lotuwa, losakanizidwa ndi mtundu wa khungu pang'ono. Kadontho kowala kakhale kamodzi pa diso lililonse, mbali imene kukuchokera kuwala. Musazungulize diso ndi mzere wakuda.

Mano musawawerenge limodzilimodzi. Apenteni ngati chinthu chimodzi chokhota chimene chikuda chakumbali, kenako musonyeze mipata iwiri kapena itatu mofewa. Kunena zoona, pa chithunzi choyamba sankhani pakamwa potseka. Tsitsi nalo ndi mulu wokhala ndi mbali yowala ndi yamthunzi; gwiritsani burashi yaikulu, ndipo fewetsani pamene lakumana ndi chipumi kuti lisaoneke ngati chipewa.

Makwinya a agogo ndiwapente onse, kapena ndiwakongoletseko?

Musawachotse, koma musawawerengenso. Makwinya si mizere yakuda. Ndi timapiri tating'ono tokhala ndi mbali yowala ndi yamthunzi, ndipo kamera imawakokomeza. Sankhani ochepa amene amapanga nkhopeyo, monga a m'mbali mwa maso ndi otsika kuchokera pamphuno kupita pakamwa. Otsalawo angomveka chabe. Mukawafafaniza onse, mudzapeza munthu wosalala amene palibe akumudziwa. Za chipsera, dazi kapena dzino loguluka, afunseni eni ake musanayambe.

Nanga mwana wamng'ono?

Mwana sakhala phee, choncho onani funso la chithunzi cha kamera. Maso ake amakhala m'munsi mwa pakati pa mutu, chipumi n'chachikulu, mphuno ndi chibwano n'zazing'ono. Mzere uliwonse wakuthwa umamuwonjezera zaka, makamaka wotsika pambali pa mphuno. Fewetsani zonse.

Acrylic akundiumira ndisanafewetse. Mafuta nawo akuchedwa. Pali chochita?

Pa acrylic, ikani penti pa pepala losalowa mafuta limene mwayala pamwamba pa nsalu yonyowa, muziwaza madzi pang'ono, ndipo gwirani kachigawo kamodzi ka nkhope nthawi imodzi. Pali mankhwala ochedwetsa kuuma otchedwa retarder, komanso acrylic wopangidwa kuti aziuma mochedwa. Musamusungunule ndi madzi ochuluka kwambiri, amafooka.

Pa mafuta, mitundu siuma mofanana: burnt umber amafulumira, pamene ivory black ndi mitundu ya cadmium imachedwa. Mankhwala a alkyd, monga Liquin, amathandiza kuti penti wopyapyala aume pofika mawa lake. Lamulo losaphwanyika ndi ili: penti wapansi akhale wopyapyala ndi wa mafuta ochepa, wapamwamba akhale wa mafuta ochulukirapo. Mukatembenuza, wapamwamba amauma wapansi akadali kuyenda, ndipo nkhope imachita ming'alu.

Kodi penti ameneyu ndi woopsa m'nyumba?

Chonunkha ndi chopweteka mutu si penti weniweniyo koma zosungunulira monga turpentine. Zosanunkha nazo zimatulutsabe mpweya woipa, choncho tsekulani mazenera ndi kuvundikira botolo. Mutha kuzipewa: pukutani burashi ndi mafuta a linseed kenako muitsuke ndi sopo, kapena gulani penti wa mafuta wosungunuka ndi madzi. Musadye mukupenta, musaike burashi mkamwa, ndipo musapale ndi sandipepa penti wouma wa cadmium kapena wa mtovu.

Chimene ambiri sadziwa ndi cha nsanza. Nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed zikaunjikidwa zimatentha zokha mpaka kuyaka moto. Ziyanikeni panja zotambasula, kapena ziviikeni m'madzi m'chitini chachitsulo chotseka.

Ndawaonetsa a pabanja ndipo aliyense akunena zake. Ndimvere ndani?

Choyamba, musaonetse chithunzi chosatha kwa gulu. Chachiwiri, mwini nkhope ndiye woweruza wovuta kuposa onse, chifukwa amadzidziwa kudzera pa kalilole, pamene kumanja kumakhala kumanzere. Nkhope yake yeniyeni imamuonekera yachilendo.

Achibale amalondola akanena kuti penapake palakwika, koma amaphonya akamaloza malowo. Azakhali akati "pakamwapa si pake," yezaninso chibwano ndi masaya musanakhudze milomo. Anthu atatu akatchula chinthu chimodzi mosapangana, bwererani ku funso la kufanana lija. Akatchula zinthu zitatu zosiyana, chithunzicho chili bwino. Mwana wamng'ono akalowa n'kunena kuti "agogo!" asanauzidwe, ikani burashi pansi.

Vanishi ndipake liti, ndipo chithunzicho ndichisunge bwanji?

Chithunzi cha mafuta chimafunika miyezi 6 mpaka 12 chisanapakidwe vanishi womaliza, mankhwala oonekera mkati oteteza penti, malinga ndi kukhuthala kwa penti. Ngati ndi mphatso yofulumira, pali vanishi wopyapyala wongoyembekezera, wotchedwa retouch varnish, amene amapakidwa penti akauma kukhudza. Acrylic amangofuna masiku angapo mpaka mlungu umodzi. Sankhani vanishi wochotseka, kuti akadzada m'tsogolo adzachotsedwe popanda kuwononga nkhope.

Chipachikeni pakhoma lopanda chinyezi, kutali ndi dzuwa lolasa, utsi ndi moto. Ngati mwaika galasi, lisakhudze penti. Fumbi muzichotsa ndi burashi yofewa youma, osati nsalu yonyowa. Chithunzi cha mafuta chikasungidwa mumdima chimachita chikasu, koma chimayeranso chikakhala milungu ingapo m'chipinda chowala. Kumbuyo kwa felemu lembani ndi pensulo dzina la munthuyo, zaka zake, chaka chimene mwapenta, dzina lanu, ndi mtundu wa penti ndi vanishi amene mwagwiritsa ntchito.